Majombo Amene Ankathirira Nazale Yanga

1

Dzina langa ndine Jonasi. Kwathu ndi ku Nsaru, koma mukandifuna lero mundipeza kwa akazi anga, kumadzulo kwa Msundwe, nditakhala pampando wa ndalema patsinde pa mango dzuwa lili paliwombo. Odutsa panjira amakodolana n'kumanong'onezana kuti taonani mkamwini waulesi uja. Sindiwayankha. Kuti ndiphunzire kukhala pampandowu panapita moyo wa munthu, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna kukuuzani.

Ndinabwera pamudzi pano pa chikamwini nditakwatira Faness. Bambo ake anali atamwalira kalekale, ndiye pakhomo panali mayi ake okha, aNachisale. Inu a m'tauni mwina munaiwala, koma kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mawu amadzera mwa mkazi wako, apo ayi amalankhulidwa kuseri kwa nkhokwe. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo, nkhope ya aNachisale ndinkangoionera patali. Chimene ndinkachidziwa bwino ndi mapazi awo, poti tikakumana maso anga ankakhala pansi.

Ndidakali mlendo pamudzipo, tsiku lina ndinawamva akudandaula za mwamuna wa mng'ono wawo.

"Mkamwini wogona masana? Bola kuweta nkhumba, tsiku lina umadyako nyama."

Sankanena ine, koma mawuwo ndinawatola n'kuwasunga ngati anali anga. Ndinalumbira chamumtima kuti pamudzi pano palibe adzandione nditakhala pansi dzuwa lili m'mwamba. Ndinkalima ngati khasulo ndabwereka ndipo mwini wake akubwera kudzalitenga. Chigafa changa cha fodya chinali chachitali kuposa cha aliyense, ndipo ndinkanyada nacho kuposa mmene ndinkanyadira mwana wathu Triza. Ndikunena zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi.

2

Matenda anayamba ndi befu. Kachitunda kochokera kudimba, kamene ndinkakwera ndikuimba nyimbo, kanayamba kundiimitsa panjira. Kenako miyendo inatupa mpaka nsapato zanga za kutchalitchi zinakana kulowa. Faness, amene anali ndi pathupi nthawi imeneyo, anachita kundikokera kuchipatala cha mishoni ku Namitete.

Dokotala anandimvetsera pachifuwa nthawi yaitali, nandiunika, kenako anakoka mpando wake kufupi nane.

"Bambo Jonasi, mtima wanu wakula ndipo watopa. Matendawa sachizika, koma munthu amakhala nawo zaka zambiri akamamwa mankhwala ndi kudzisunga. Khasu mulisiye. Zolemera musanyamule."

"Nanga makheni othiririra fodya ku nazale?"

"Amenewo ndiye angakupititseni msanga kumanda."

Pobwerera, muminibasi, Faness anandigwira mkono.

"Mwamva, eti, bambo a Triza?"

"Ndamva. Kodi dokotala uja analimapo fodya?"

"Chaka chino fodya timusiye. Tidzale chimanga ndi mtedza pang'ono, abale atithandiza."

"Ndiye amayi ako azindiona bwanji?"

"Amayi ndi amene akuti mupumule."

Ndinaseka. Ndinkaganiza kuti gogoyo akundiyesa kuti aone ngati nanenso ndili ngati nkhumba ija.

Seputembala atafika ndinafesa nazale yanga monga mwa zaka zonse. Amene analimapo fodya akudziwa kuti nazale ndi khanda, imafuna madzi tsiku ndi tsiku, ndipo madziwo umachita kutunga pachitsime cha m'dambo, kheni kumanja kheni kumanzere. Faness sakanatha kundithandiza. Chibadwire Triza, iye anali atapita padera kawiri, ndiye anamwino anamuletsa ngakhale kusenza ndowa.

Sabata isanathe ndinagwa pakati pa mabedi, makheni ali m'manja. Nditatsegula maso ndinapeza Faness atandigwadira, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndikukupemphani, bambo a Triza. Mukufuna mwanayu adzakudziwireni pa chithunzi?"

"Ndangopunthwa. Usandichititse manyazi, anthu akuona."

Ndinadzuka, n'kutola makheni anga.

3

Masiku amenewo tulo tinkandipeza mochedwa chifukwa ndikagona chagada mpweya unkandithera, ndiye ndinkadzuka dzuwa litatuluka kale. M'mawa wina nditafika kudimba ndinapeza mabedi onse ali chinyontho, atathiriridwa bwinobwino mpaka m'makona. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi.

M'matope a pachitsime munali mapazi a majombo, aakulu, a mwamuna. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mwini wake ankaponda pafupipafupi, ndipo madzi ankatayikira njira yonse. Ndinangoti ndi munthu wosadziwa kunyamula kheni.

Kunyumba ndinamufunsa Faness.

"Akuthirira nazale yanga ndani?"

"Ndi munthu wachifundo. Ingothokozani Mulungu mukhale pansi."

"Alibe dzina?"

"Ndinalonjeza kuti sindinena."

"Unalonjeza ndani? Mwamuna wako ndine kapena iyeyo?"

Anangowerama n'kumapitiriza kusankha nyemba zake.

Ndikanakhala chete mwina zikanathera pomwepo. Koma ndinakaitaya nkhaniyi pabawo pa Msundwe, pamene pamakhala anthu odziwa za mabanja onse kupatula awo.

"Iwe Jonasi, unakula liti?" anatero mkulu wina akusewera. "Mwamuna sathirira nazale ya mnzake ulele. Kafufuze kunyumba kwako."

Onse anafa nacho chikhakhali. Ine ndinasekera limodzi, koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba.

Munthu womuganizira sanasowe. Kutsidya kwa dambo kuli esiteti ya fodya, ndipo mmodzi mwa matenanti ake anali Fumbani, wochokera ku Rumphi, amene akazi ake anatsala kwawo. Anali ndi kadimba ka tomato moyandikana ndi langa. Ankavala majombo a kuesiteti. Ndipo ndinakumbuka kuti tsiku lina Faness, pogula tomato kwa iye, anaseka kwambiri. Munthu ukafuna kupeza umboni, ngakhale kuseka kumasanduka umboni.

M'mawa wina ndinadzikakamiza kulawirira kuti ndikamugwire. Befu anandichedwetsa panjira, moti pofika ndinangoona munthu wa chijasi chachikulu ndi chipewa akulowa m'bango.

"Fumbani! Ima pomwepo ngati ndiwe mwamuna!"

Sanacheuke. Ndinayesa kuthamanga koma m'maso munada, ndinangokhala pachulu n'kumamvera mtima ukugunda ngati ufuna kutulukira kukhosi.

Sabata yomweyo ndinakumana ndi apongozi akuchokera kumjigo. Ndinapatuka, maso pansi monga mwa mwambo, ndipo ndinaona zilonda zofiira pamiyendo yawo yonse iwiri, pansi pa maondo.

"Amayi ako ali ndi zilonda m'miyendo," ndinamuuza Faness madzulo ake. "Ukawapezere mankhwala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akudikira kuti ndinene china. Ataona kuti ndatha, analowa m'nyumba n'kukalira. Ine ndinati ndi zochita za azimayi apakati.

4

Ndinaitanitsa ankhoswe. Kuchimuna kunabwera achimwene anga a Godfrey, kuchikazi kunali malume ake a Faness, a Simoni, amene ndi mkulu wa mpingo. Tinakhala pamphasa pakhonde. ANachisale anakhala kuseri kwa nkhokwe, pomvekera mawu koma posaoneka nkhope.

Ndinafotokoza zonse, za majombo, za chijasi, za tomato. A Simoni anatembenukira kwa Faness.

"Mwana wanga, tchula munthuyo nkhani ithe."

"Malume, ndikamutchula mawa lomwe bambo a Triza abwerera kumakheni chifukwa cha manyazi, ndipo akafera komweko. Ine ndikufuna mwamuna wamoyo. Kaya andida, bola ali moyo."

"Mwamva?" ndinatero ine. "Akumubisa."

"A Jonasi," anatero a Simoni modekha, "inu mukudwala. Nazale ikuthiriridwa. Mkazi wanu akuti mupumule. Chikukupwetekani n'chiyani kwenikweni?"

Chinkandipweteka ndinkachidziwa. Kunali kuona kuti ntchito yanga ikuyenda popanda ine. Koma mwamuna sanena zimenezo pagulu, ndiye ndinanena china choipa kuposa pamenepo.

"Chikundipweteka n'chakuti sindikudziwa ngati mimbayi ndi yanga."

Faness anagwira pamimba pake ndi manja onse awiri, ngati akutseka makutu a mwanayo.

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kukhosomola.

"A Simoni," anatero aNachisale, "auzeni bambo a Triza kuti ndili ndi mawu."

Ndinaimirira. "Mawu a mayi woikira kumbuyo mwana wake ndilibe nawo ntchito."

"Jonasi!" anakalipa a Godfrey. "Amenewo ndi apongozi ako. Khala pansi umve."

Sindinakhale. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga chikwama changa ndi njinga, ulendo wa ku Nsaru. Njingayo anachita kupalasa ndi a Godfrey, ine nditakwera kumbuyo ngati thumba la chimanga, poti mphamvu zoipalasa ndinalibe. Pamene tinkatuluka pamudzi ndinamva amayi ena akuti, "Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

5

Ku Nsaru ndinakhala masabata angapo ndikudya mkwiyo. Faness akaimba foni ndinkaidula, mpaka ndinangoizimitsa. Mankhwala atatha sindinapite kukatenga ena. Miyendo inatupa mpaka m'maondo, ndipo alamu anga ankandiyang'ana ndi maso amene anthu amayang'anira nkhuku yachitopa.

"Bwerera kwa mkazi wako," ankatero a Godfrey. "Mkazi wachigololo salira choncho."

"Inu simukudziwa akazi."

Lachitatu lina chakumasana panaima njinga yamoto pakhomo. Wotsikapo anali Fumbani, majombo ake ali kumapazi. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chomugendera, koma iye anavula chipewa n'kunjuta.

"Adada, zimene mukundiganizira ndazimva, tidzakamba tsiku lina. Apongozi anu agwa kudambo m'mawawu. Ndawapeza ndine. Ali ku Namitete, ndipo akazi anu ali okha."

"Kudambo amakatani?"

"Kwerani, adada. Mukaona nokha."

Ndinakwera. Njira yonse ndinagwira m'chiuno mwa munthu amene ndinamunyoza pamaso pa ankhoswe, ndipo iye ankachepetsa liwiro pa mabampu kuti ndisagwedezeke.

6

Kuwodi ya amayi ndinaima chapakhomo. Ngakhale kuchipatala mwambo ndi mwambo, ndiye maso anga anali pansi. N'chifukwa chake chinthu choyamba kuona sichinali wodwalayo, koma zimene zinali kunsi kwa bedi lake.

Majombo awiri aakulu, matope a m'dambo atauma m'mbali mwake. M'kati mwake munkatuluka nsanza za chitenje zimene munthu wa phazi laling'ono amatsendera kuti jombo isavuke. Pambali pake panali chijasi chopindidwa ndi chipewa.

Ndinakumbuka kuponda pafupipafupi kuja. Ndinakumbuka madzi otayikira panjira. Ndinakumbuka zilonda zija, pamalo penipeni pamene mlomo wa jombo umakhula mwendo.

Faness anabwera n'kuima pafupi nane. Anali atawonda kumaso, mimba yokha ili patsogolo. Sanandipatse moni.

"Ndi majombo a malemu bambo anga," anatero motsitsa mawu. "Nawonso ankakana kupumula. Anawapeza m'munda, khasu lili m'manja. Tsiku limene munagwa lija amayi anati, ine umasiye ndaudziwa, mwana wanga asaudziwe. Kukuuzani maso ndi maso sakanatha, ndipo ine simunkandimvera. Ndiye anati poti bambowa fodya samusiya, madzi ndizitunga ndine. Anandilumbiritsa kuti ndisanene, kuopa kuti anthu angamakusekeni kuti mkamwini akuthiriridwa ndi apongozi ake."

"Koma ine ndinachoka. Amathiriranjinso?"

"Amati mbande zikauma mudzachita manyazi kubwerera. Amafuna mudzazipeze zili zobiriwira."



"Amayi ali ndi matenda othamanga magazi, chaka chachisanu chino. Simunadziwe chifukwa simunafunsepo. Ndinkawagwadira kuti asiye, ngati mmene ndinkakugwadirani inu. Awiri nonse, palibe anandimvera."

Pabedi paja dzanja linatukuka pang'ono n'kukodola. Ndinayang'ana kumbuyo kuganiza kuti akuitana wina.

"Akuitana inu," anatero Faness.

Ndinasendera, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire ndinawayang'ana apongozi anga kumaso. Kamwa inali itapotokera mbali imodzi. Anali ndi kachipsera pachipumi, ndi maso ofanana ndendende ndi a Triza. Zaka zonsezi ndinkaopa nkhope imeneyi, ndipo inali nkhope ya munthu wotopa basi.

Ndinayembekeza kuti andikumbutsa chipongwe chija. Anayang'ana miyendo yanga yotupayo.

"Bambo... mankhwala... mwamwa?"

Ndinapukusa mutu, misozi ikugwera pamalaya.

"Khalani... pansi."

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti, pafupi ndi majombo aja. Ndinati amayi ndikhululukireni, ndinabwereza kaya kangati. Sindikudziwa ngati anamva, chifukwa anali atatseka maso. Mawu amene ankafuna kundiuza kuseri kwa nkhokwe aja sanawanenenso. Anatisiya Loweruka m'mawa.

7

Pamaliro a apongozi, mkamwini sakhala pansi. Nkhuni, madzi, mabenchi a kutchalitchi, zonse zimayang'ana iye, ndipo mudzi wonse umakhala ukuona kuti kodi malemuwa anali ndi akamwini kapena zithunzi. Ine ndinali ndi chifukwa china choposa mwambo. Ndinkafuna ntchito indipweteke.

Ndinatenga nkhwangwa n'kupita pamene panali chipika cha bulugamu. Nditangotema kawiri m'makutu munayamba kulira. Ndikutukula kachitatu ndinamva nyimbo ya amayi a Chigwirizano ikuzilala. Faness anali atatuluka m'siwa, akubwera pang'onopang'ono pakati pa anthu, dzanja lili m'chiuno.

Sanakuwe. Anangoima patsogolo panga.

"Bambo a Triza, mayi anga ali gone m'nyumbamo. Mukufuna ndilire awiri?"

Anthu onse ankationa. Ndinaona akuluakulu a pabawo aja. Ndinaona akamwini anzanga thukuta lili kamukamu. Manyazi amene ndinawathawa zaka zonsezi anali atandipeza, pamaliro, masana, pamaso pa mudzi wonse.

Ndinatsitsa nkhwangwa. A Simoni anandibweretsera mpando, ndipo ndinakhala. Kumbuyo kwanga wina anati, "Taonani, pamaliro a apongozi ake." Ndinamva bwinobwino, koma sindinadzuke. Amene anatola nkhwangwayo n'kumaliza chipika chija anali Fumbani.

Powerenga mbiri ya malemu kumanda ndi pamene ndinamva koyamba kuti dzina lawo la ubatizo linali Ezeliya. Munthu ananditungira madzi mpaka kufa, ine osadziwa n'dzina lake lomwe.

Mbande zija ndinamupatsa Fumbani nditamupepesa pamaso pa ankhoswe. Chigafa chinagwa ndi mvula ya chaka chimenecho ndipo sindinachidzutse. Faness anandilandira, koma mawu amene ndinanena za mimba yake sanafufutike msanga, ndipo sindimudandaula. Mwanayo anabadwa mu Januwale, wamkazi, mphuno yake yangayi. Dzina tinamupatsa la agogo ake.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi matenda amene adokotala anakuuzani kuti mukhala nawo moyo wanu wonse. Mwina pali wina pakhomo panu amene amakuuzani kuti pumulani, imwani mankhwala, siyani ndichita ndine, ndipo inu mumamva ngati akukuchotsani ulemu. Ine ndinkaganiza kuti kukana kupumula ndi nkhani ya thupi langa ndekha. Sindinadziwe kuti katundu amene wodwala akukana kutula, pali wina womukonda amene amamusenza mobisa. Paja amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma kwa ine nkhwangwayo inagwera munthu wina.

Mtima wanga sunachire, ndipo sudzachira. Ndimasenda mtedza, ndimamuthandiza Triza masamu, ndimanyamula Ezeliya akalira, poti iye yekha ndiye katundu amene Faness amandilola. Majombo aja ali kuseri kwa chitseko, nsanza zake zili momwemo. Faness ankafuna kuwataya koma ndinamupempha awasiye. Mvula ikagunda, fungo la dothi likandilowa m'mphuno, manja amayabwabe kufuna khasu. Ndimadzuka, ndimafika pachitseko, ndimawaona. Kenako ndimabwerera pampando wanga.